Maola Mazana Atatu

Pangano lawo linabwera mu envulopu yaikulu,
zidindo ziwiri m'munsi:
china cha koleji ya paphiri, ya belu ndi mitengo yakale,
china cha koleji yoyang'anana ndi depoti ya mabasi,
komwe ophunzira amalowa m'kalasi atavala kale yunifolomu ya kuntchito.
Akuluakulu awo anagwirana chanza pachithunzi.
Ine anandisiyira bolopeni
ndi fomu yolembapo maola.

Kuno ku Youngstown, m'chipinda chapansi pa tchalitchi,
timagawa chakudya Lachiwiri ndi Lachisanu.
Ng'anjo zosungunulira zitsulo zinazima ndili mtsikana,
koma njala sanaichotse ntchito.

Ananditumizira ana awiri.
Leland wa paphiri anafika ndi kope
loti azilembamo zimene waphunzira kwa ovutika,
poti aphunzitsi ake amafuna masamba awiri sabata iliyonse.
Yesenia anafika mochedwa, maso ali psu,
zovala zikumveka fungo la mankhwala okolopera m'chipatala.
Aliyense maola mazana atatu,
kenako ndalama ya fizi, yofanana ndendende.
Pepala limatero, ndipo pepala silinama.
Limangodziwa polekezera.

Leland ankasanja zitini motsata zilembo
mpaka Yesenia anamuuza, osadzutsa mutu:
"Zotsegula ndi chala ziike pamwamba.
Ogona m'galimoto alibe chotsegulira."
Mnyamata uja analemba zimenezo m'kope.
Ndinalakalaka kumulanda.

Lachisanu lina mu Febuluwale,
chipale chitakwirira masitepe onse,
mzere unakakhota mpaka kuseri kwa banki yotsekedwa.
Mayi wa chipewa chobiriwira anaima patebulo la Leland.
Iye anafunsa monga ndinamuphunzitsira:
m'nyumba mulimo angati, alipo amene ali pantchito?
"Anayi. Mmodzi.
Ndi uyo wanyamula thumba la mbatatesiyo."

Palibe anagwetsa kanthu.
Firiji yokha ndi imene inkang'ung'udza.
Yesenia anatula thumba, nabwera,
nachotsa chitini cha nandolo m'katoni,
"mayi anga sadya izi,"
naikamo mpunga,
nawakokera chipewa kuti chiphimbe makutu,
nabwerera ku mbatatesi zake.

Sabata imeneyo Leland anandibweretsera tsamba loyera
kuti ndisainepo.
Ndinati, "Aphunzitsi ako akati chiyani?"
Anati sakudziwa.
Kanali koyamba kumva mawu amenewo pakamwa pake,
ndipo ndinasaina ndi mtima wonse.

Phwando lotsekera linachitikira paphiri,
mipando yovekedwa nsalu zoyera ngati akwati.
Basi yomaliza yokwera kumeneko imanyamuka faifi koloko.
Yesenia amaweruka seveni.
Dzina lake analitchula molakwika,
tinaombera m'manja mpando wopanda munthu.
Mkulu wina ananena mawu akuti mlatho kasanu ndi kamodzi.
Ndinawerenga.
Kuwerenga ndiye ntchito imene anandipatsa.
Pafomu palibe mzere wa maola amene mayi uja anaima pachisanu,
kapena a tulo timene mwana wake anakongola
ndipo sadzabwezeredwa.

Mu Meyi, maola ake atakwana kalekale,
Leland anatsika masitepe ndi katoni yolemera:
zotsegulira zitini makumi anayi.
Kope sanabwere nalo.
Yesenia anatola chimodzi, nachitembenuza, nachipotoza.
"Zotchipa izi. Sizifika Khirisimasi."
"Ndiye zabwino ndi ziti?"
Anamuyang'ana kanthawi ndithu.
Kenako anang'amba kona ya fomu yanga,
nalemba dzina la sitolo ya kumsewu wakwawo,
ndi nambala ya basi yofika kumeneko.

Chaka chamawa makoleji aja atumiza ena awiri.
Envulopu yafika kale, zidindo ndi zomwe zija.
Fomu yong'ambika kona ndaisunga m'dirowa.
Ku ofesi ndinatumiza yokopera.